Zotola pa Lamba

Ntchito yanga ndi kutola zosafunika.
Belo likang'ambidwa kuno ku Kanengo,
fodya n'kuyamba kuyenda pa lamba,
ine ndimaima pakati, maso pansi,
kuchotsa nthenga, luzi, pulasitiki,
ndi mwala umene wina anabisa kuti sikelo imukomere.
Ogula akunja safuna chachilendo m'masamba awo.

Chino n'chaka changa chachisanu ndi chinayi.
Ndimapalasa njinga kuchoka ku Mgona kusanache,
kulambalala malole ogona pamzere,
madalaivala akuotha moto wa makatoni.
Pofika pageti mphuno zayamba kale kuyabwa.

Lachitatu lapitali, m'belo lochokera ku Kabudula,
ndinatola pensulo.
Kachidutswa chabe, kosaposa chala changa chaching'ono,
kosongola ndi lumo mbali zonse ziwiri,
pakati pali zipsera za mano,
ndi ulusi wakuda wolendewetsera m'khosi,
wodukira pa mfundo.
Pachiguduli cha belo lomwelo panali pepala la chidindo chobiriwira,
lonena kuti tsamba ili
palibe mwana analigwirapo.

Mapepala ndimawadziwa ine.
Mwezi watha kunabwera oyendera atatu, mabotolo amadzi m'manja.
Lolemba tinalandira magolovesi ndi zotseka pamphuno,
Lachisanu a Kadzamira anatolera, n'kumawerenga awiriawiri.
Delifa, uja amatsokomola mpaka kugwira khoma,
anamupatsa tchuthi choyamba chiyambire ntchito.
Anatifunsa ngati tili ndi dandaulo,
womasulira ali yemwe uja amalemba mayina
a obwerera ntchito chaka chamawa.
Tinati zikomo, tili bwino.
Bokosi la madandaulo lilipo ndithu,
analikhomera pansi pa kamera.

Koma pensuloyi sinadutse kwa womasulira.
Yabwera yokha, itapanikizidwa ndi jeke,
makilomita onsewo osathyoka.

Sindikufuna wondiuza kuti inagwa bwanji.
Nane ndinakulira m'chigafa, ku Kasiya,
bambo ali tenanti.
Ndikudziwa kuwerama usiku pa koloboyi
ukusankha masamba, tulo tikukukoka khosi,
zala zakuda ndi utomoni wosamva sopo,
mseru wa fodya wonyowa umene amayi ankati ndi malungo.
Ndikudziwa chitini cha chimanga cholembedwa m'buku,
ndi mchere, ndi khasu, ndi panado,
kuti pomaliza pa chaka bwana atseke bukulo
n'kunena kuti inu ndi amene mwatsala ndi ngongole.
Ndinasiyira Sitandade 4, teremu yachiwiri.

Madzulo timalemba fomu ya zimene tatola.
Ili ndi mizere: chitsulo, mwala, nthenga, mtengo, zina.
Ndinaionetsa kwa a Kadzamira.
Anaitembenuza kawiri, nati,
Achimwene, uwu ndi mtengo. Lembani mtengo.
Kenaka motsitsa mawu:
Mukalemba zinazo, mawa galimoto ipita ku Kabudula,
mlimiyo amudula kontirakiti,
iye akathamangitsa tenanti wake mvula isanagwe,
ndiye mwanayo mwamuthandiza chiyani?
Kampani idzasamba m'manja pa lipoti,
mtengo wogulira tsamba osakwera ndi tambala yomwe.

Sananame.
N'chifukwa chake zikundiwawa.

Ndinaima ndi fomuyo mpaka lamba atazima.
Kunja makontena anali atatsekedwa kale ndi loko,
ulendo wa kudoko,
kumene tsamba lidzafika loyera, lopanda dzina la munthu.

Pamzere wa mtengo sindinalembepo.
Pamzere wa zina sindinalembeponso.
Fomu ndinapereka ili ndi dzenje,
ndipo palibe anafunsa.

Pensulo ili m'thumba la malaya.
Usiku mwana wanga Sungeni anaipeza pofuna ndalama ya mandasi,
nati, Ababa, mwini wake ndani?
Ndinati sindikumudziwa, koma ali ndi mano ngati akowa.
Anaiyesa kuseri kwa pepala langa la malipiro.
Ikulemba.
Mbali zonse ziwiri ikulemba.

Nambala ya belo lija ndinamuuza, naikopera pomwepo,
manambala asanu ndi awiri, opendekera kumanzere.
Pepalalo ndapinda, lili pansi pa wailesi.
Sindinadziwebe woti ndimupatse
amene sakayambira kumenya wapansi.